Filimu ya banja logwedezeka: Msena ndi Mmang'anja aoneke bwanji?

Mlembi wa ku Ngabu: Akuluakulu a pa gulu pano, sikiliputi (nkhani yolembedwa) ya filimu yathu yafika masamba 84, kutanthauza filimu ya mphindi pafupifupi 84 poti tsamba limodzi limadya mphindi imodzi. Nkhani yake ndi iyi. Bambo ndi Msena wa zaka 51, amadula nzimbe ku Nchalo pa ntchito ya nyengo. Mayi ndi Mmang'anja wa zaka 47, amagulitsa mbatata ndi milamba youma, alinso mu banki m'khonde. Akhala pabanja zaka 24. Ana awiri akudziimira paokha, chitsiriza wapita ku sekondale yogonera konko. M'nyumba mwati zii, ndipo awiriwa azindikira kuti anasiya kalekale kucheza. Mulibe chibwenzi chamseri, mulibe ufiti. Ena akuti tionjezere gule wa utse, Mlomwe mmodzi, Msilamu mmodzi ndi munthu waulumali mmodzi kuti aliyense adzipezemo. Tiunikireni.

Mayi a Tadala: Achimwene, musanayambe kuwerenga mitundu ngati mbuzi zolowa m'khola, yankhani funso ili: ukwati umenewu unamangidwa pa mwambo wa ndani? Ndawerenga masamba onse, sindinapeze yankho. Asena amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo pa mwambo ana amawerengedwa a kuchimuna. Amang'anja mwambo wawo ndi wa mbumba: mwamuna amakhala pa chikamwini kwawo kwa mkazi, ndipo mawu aakulu pa ana amakhala kwa atsibweni awo. Mkazi angathe kutengedwa chitengwa, koma amachita kupempha. Mukaphatikiza awiriwa, zaka 24 zapitazo panali kukambirana, ndipo mbali ina inagonja. Filimu yanu yonse yagona pamenepo.

Ngati analowola, mayiyu akaganiza zochoka akudziwa kuti akusiya nyumba, munda ndi mitengo ya mango imene anadzala yekha, ndipo kwawo ayamba kufunsana za malowolo amene anadyedwa kale. Ngati ndi chikamwini, woopa ndi bambo. Zaka 51, nyumba anamanga pa malo a eni, ndipo akamusudzula anyamula chikwanje ndi bulangete kubwerera kumudzi kumene malo anagawana kale abale ake. Mantha awiriwa si ofanana, ndipo salankhulidwa mofanana.

Mlembi wa ku Ngabu: Tinazisiya dala mayi, kuti woonera wa ku Mzimba kapena ku Mangochi asasokonezeke.

Mayi a Tadala: Wa ku Mzimba amalowola, wa ku Mangochi amadziwa chikamwini. Onse amva. Amene asokonezeke ndi wa ku Tengani, poona banja lopanda kwawo.

Bambo a Yosefe: Ndikugwirizana ndi mayi, ndipo ndionjeze za malamulo poti tsamba 71 lili ndi cholakwika. Mwalemba kuti mfumu ikuthetsa ukwati ndi kugawa katundu pabwalo. Mfumu imayanjanitsa, koma ukwati wa mwambo umatha ku khoti la majisitireti. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa chipembedzo, komanso wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja. Mitala imaletsedwa pa ukwati wa kwa DC. Choncho mlamu uja wa pa tsamba 40 akamati "ingokwatirani wina achimwene", zikutengera kuti anakwatirana motani. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri ukwati ukatha. Pa mwana wa ku sekondale uja, ngati sanafike zaka 18, khoti limayang'ana chimene chingamukomere mwanayo, silingotsata kuti analowola kapena ayi. Apa mpamene mwambo ndi lamulo zimawombana, ndipo mayi wa mu banki m'khonde masiku ano amazidziwa zimenezi, amazimva pa wailesi. Musamulembe ngati mbuli yodikira wina wa ku Blantyre adzamuuze.

Ndondomeko yake izikhala yoona: wodandaula amapita kwa nkhoswe wake, nkhosweyo amakaonana ndi nkhoswe wa mbali inayo, amakhala pansi anayi kapena asanu ndi mmodzi. Zikakanika amapita ku mpingo kapena kwa anyakwawa. Khoti ndi pomaliza, ndipo majisitireti amafuna kumva kwa ankhoswe.

Aphunzitsi a ku Fatima: Ine changa ndi chilankhulo. Sikiliputi yonse ili m'Chichewa cha pa wailesi, ndipo Chisena mwachiika pa anthu awiri okha: chidakwa cha pa msika ndi gogo woseketsa. Mwina simunachite dala, koma woonera aphunzirapo kuti Chisena ndi cha nthabwala, nkhani zanzeru zimakambidwa m'Chichewa. Masewero ambiri akhala akutichita zimenezi, kutchula "pinthu" m'malo mwa "zinthu" kuti anthu aseke. Tatopa nazo.

M'banja ngati ili chilankhulo chimasintha malinga ndi amene ali pakhonde. Bambo amalankhula Chisena ndi amayi ake, ndi abale ake, ndi anzake m'munda wa nzimbe. Ndi mkazi wake amasakaniza. Ndi kapitawo kapena kuchipatala amalankhula Chichewa. Akapsa mtima kapena akamapemphera yekha amabwerera ku Chisena. Mayi, patatha zaka 24, Chisena amachimva chonse, ndipo amasankha nthawi yochilankhula. Tangoganizani: zaka zonsezi wakhala akuyankha apongozi ake "takhuta", ndiye tsiku la mkangano n'kuwayankha "zikomo" mouma. Wa kuno amva kuti chinthu chasweka popanda wina kukweza mawu. Tengani pensulo, pa mzere uliwonse lembani m'mbali chilankhulo chake ndi chifukwa chake. Kenako perekani mizere ya Chisena kwa olankhula awiri, mmodzi wa ku Nsanje boma kapena ku Marka, wina wa cha ku Ngabu, poti kalankhulidwe kamasiyanako. Asamasulire liwu ndi liwu, muwauze chimene munthuyo akufuna, iwo anene momwe akananenera.

Wamawu wa ku Bangula: Aphunzitsi mwalasa. Ndipo musatenge katswiri wa ku Lilongwe n'kumuloweza Chisena masabata awiri. Kumbukirani filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor yokamba za William Kamkwamba. Kunja inayamikiridwa, koma Amalawi ambiri anadandaula ndi katchulidwe ka Chichewa ka osewera ena ochokera kunja. Zomwe tinamva ifeyo tsiku limenelo ndi zomwe Msena adzamve inu mukachita chimodzimodzi.

Achemwali a ku Makhanga: Pepani ndilowe ndi ina. Mayi wa zaka 47 mu sikiliputiyi alibe thupi. Amaphika, amalira, amapemphera, basi. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo zaka zingapo izi zisanachitike thupi limayamba kusintha: kumva kutentha mwadzidzidzi, thukuta la usiku, tulo tosowa, msambo wodumphadumpha, mtima wosachedwa kukwiya, nthawi zina kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo. Ndiye muike zimenezi m'nyumba ya malata mu Okutobala kuno, kunja kukutentha kupyola madigiri 40. Mayi akatenga mphasa kukagona pakhonde, bambo amaganiza kuti akukanidwa. Bambonso pa zaka 51 akhoza kukhala ndi shuga kapena BP, matenda amene amachepetsa mphamvu kuchipinda, ndipo sanganene. Amangochedwa kubwera kunyumba, mayi n'kumaganiza kuti kuli wina. Aliyense akubisa manyazi ake, mnzake akuwerenga molakwika. Mwati mulibe chibwenzi chamseri, chabwino, koma kukayikirana kukhalemo, poti n'kumene kumaphwasula mabanja a msinkhu uwu.

Sizifuna kuonetsa zolaula. Mphasa ziwiri, neti imodzi yomangidwa, ina yopinda. Anthu amva.

Mayi a Tadala: Ndipo nkhani imeneyi mayi sangaikambe ndi nkhoswe wamwamuna. Amaikamba ndi mnzake kudimba kapena ndi nankungwi. Mukufunika mkazi wachiwiri wa msinkhu womwewo, wokhala ndi moyo wakewake, osati wongobwera kudzanena kuti "banja ndi kupirira". Mawu amenewo anenedwe ndithu poti amanenedwa, pamodzi ndi "wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima", koma pakhale wina woyankha.

Wakamera wa ku Nchalo: Posankha osewera, cholakwika chofala n'kutenga mtsikana wa zaka 28 wa khungu loyererako, kumupaka ufa kumutu ndi kumujambula makwinya ndi pensulo. Pa kamera zimaonekeratu. Manja a munthu amene wakhala akulima kudimba zaka 30 simungawapange ndi zodzoladzola. Funani mayi wa zaka 42 mpaka 55. Amapezeka m'magulu a zisudzo a m'mipingo, m'makwaya, m'magulu amene amachita masewero a zaumoyo m'midzi, ndi kwa owerenga nkhani pa mawailesi a m'dera. Mayeso muchitire malo atatu, Nchalo, Bangula ndi tsidya la kum'mawa, chifukwa mayi wa ku Muona sangalipire boti ndi kabaza kuti akayese mwayi ku Chikwawa boma. Musawapatse pepala loti awerenge, poti mutaya aluso amene sawerenga msanga. Auzeni nkhani pakamwa: mwamuna wanu wabwera usiku, ndalama ya banki m'khonde yasowa m'chitini, yambani. Jambulani mphindi zitatu pa foni. Amene akhoza aitanidwenso awiriawiri, poti chofunika n'kuona ngati angakhale chete limodzi ngati anthu odziwana zaka 24.

Vuto la ochokera ku zisudzo za pabwalo n'lakuti anazolowera kukuwa ndi kutambasula manja kuti wakumbuyo aone. Pamafunika masiku asanu kapena kuposerapo oyeserera pamaso pa kamera, kuwaonetsa zomwe mwajambula, mpaka aone okha kuti kuphethira kumakwana.

Mkonzi wa ku Chikwawa: Achimwene a kamera, fotokozaninso za kuwala. Mafilimu ambiri a kuno nkhope zimangokhala mdima, maso ndi mano okha.

Wakamera wa ku Nchalo: Chimachitika n'chakuti kamera ikasiyidwa pa otomatiki imayeza thambo lowala ndi mchenga woyera, n'kutseka kuwala, nkhope yakuda n'kumira. Yezani kuwala pa nkhope, osati pa thambo. Panja jambulani kuyambira 5:30 mpaka 9 koloko m'mawa, ndi kuyambira 3:30 madzulo mpaka dzuwa kulowa. Masana dzuwa lili pamutu limapanga maenje akuda m'maso, komanso makamera ang'onoang'ono amatentha n'kuzima okha. Nthawi imeneyo chitani za m'nyumba kapena pansi pa mtengo. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wosewera, kutsogolo muike chobwezera kuwala. Pepala lolimba loyera kapena nsalu yoyera yokoka pa thabwa zimakwana. Cha siliva chimathobwa m'maso. Khungu lakuda limakongola ndi kuwala kofewa kochokera pa chinthu chachikulu, ndipo kunyezimira pang'ono kumaonetsa maonekedwe a nkhope, choncho musapukute thukuta lonse kapena kuthira paudala wambiri. Pa lenzi ikani ND, galasi lochepetsa kuwala kolowa mu kamera. Osewera asavale malaya oyera mbee pafupi ndi nkhope. Ndipo pokonza mitundu pa kompyuta musayeretse khungu la mayi. Zimachitika, ena amati akukongoletsa.

Za zovala: nzimbe amaziwotcha asanadule, ndiye wodula amaweruka ali bii ndi mwaye, m'manja muli zikanga. Sikiliputi ikuti bambo akufika kunyumba atavala shati yoyera. Ayi. Komanso ntchitoyi ndi ya nyengo, miyezi ya mvula kulibe kudula. Ndalama m'nyumba imeneyi miyezi ina imachokera kwa mayi. Mwamuna wa zaka 51 kupempha ya sopo kwa mkazi wake mu Febuluwale, imeneyo ndi sini yathunthu. Zizindikiro za kampani ya Illovo kapena kujambula m'kati mwa esiteti zimafuna chilolezo cholembedwa, apo ayi jambulani m'minda ya alimi wamba mutapempha eni ake.

Bambo a Yosefe: Tibwerere ku funso la Mlomwe, Msilamu ndi waulumali. Ine sindikukana. Nchalo ndi malo osakanikirana, ntchito ya nzimbe inakoka anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi kwina, ndipo ku Marka anthu amawoloka kupita ku Mozambique tsiku ndi tsiku, abale ali mbali zonse. Filimu ya Asena ndi Amang'anja okhaokha pa Nchalo ingakhale yabodza. Koma muyeso wake ndi uwu: mukamuchotsa munthuyo, nkhani isintha? Ngati sisintha, ndi chokongoletsera chabe. Mnzake wa bambo wogona naye ku msasa akhale Mlomwe amene iyenso ndi mkamwini kwawo, ndiye malangizo ake achokera pa zomwe akudziwa. Wogula mbatata za mayi mopikulitsa akhale Msilamu, ndipo ngongole ya pakati pawo ikhale ndi ntchito m'nkhani.

Achemwali a ku Makhanga: Waulumali asakhale wopemphetsa pa depoti. Msungichuma wa banki m'khonde akhoza kukhala mayi wachialubino kapena woyenda pa njinga ya olumala, ndipo nkhani yake ikhale ya mabuku a ndalama, osati ya ulumali wake. Asewere munthu amene alidi choncho. A APAM, bungwe la anthu achialubino, ndi a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, angakuthandizeni kupeza anthu ndi kuwerenga mizere yake. Ngati ndi wachialubino, pamalo ojambulira pakhale mthunzi, chipewa chachikulu, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 odzola maola awiri alionse, chobwezera kuwala chisalunjike m'maso mwake, ndipo pepala lake lisindikizidwe ndi zilembo zikuluzikulu. Ngati ndi wa njinga, onani kaye njira ndi chimbudzi musanasankhe nyumba yojambulira.

Aphunzitsi a ku Fatima: Pali zinthu ziwiri zimene dziko limatidziwa nazo, ndipo ndikuopa kuti ena akukakamizani kuziika: madzi osefukira ndi kulowa kufa. Chichokereni nkhani ya fisi ya BBC mu 2016, munthu akamva Nsanje amaganiza zimenezo. Mchitidwewo ndi woletsedwa ndi lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo ndi nkhani yoyenera filimu yakeyake. M'filimu ino mulibe maliro, ndiye ukufunamo chiyani?

Madzi ndi ena. Banja la zaka 24 kuno ladutsa m'madzi osefukira a 2015, mu namondwe Idai wa 2019, namondwe Ana wa 2022 ndi namondwe Freddy wa 2023. Simungawachotse. Koma asakhale chithunzi cha anthu ali pa denga. Akhale mzere wa matope pa khoma umene sanaupake laimu, zithunzi za ukwati zimene zinapita ndi madzi, ndi mkangano wosatha woti tisamukire kumtunda kapena tikhale pafupi ndi dimba. Kumtunda n'kotetezeka koma n'kouma, kudimba madzi akaphwa mbatata ndi chimanga zimabereka. Mwamuna ndi mkazi akhoza kusiyana maganizo pa chimenechi zaka khumi.

Mlembi wa ku Ngabu: Nanga utse ndi valimba, choimbira cha Asena chija, tichotse?

Wamawu wa ku Bangula: Valimba musachotse, koma isalowe ngati ya alendo odzaona malo. Imveke patali usiku kuchokera ku chinkhoswe cha ena, awiriwa ali gone chofulatirana. Muijambule payokha ndi oimba enieni, mulembe nawo pangano, mayina awo alembedwe kumapeto, ndipo nyimbo iliyonse ya munthu wina imene ikumveka pa wailesi kapena pa bala m'filimu mufunse a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Za ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, musayerekeze kungofika ndi kamera, malo aja ali ndi eni ake ndi malamulo ake.

Pa mawu penipeni: filimu ya anthu awiri olankhula motsitsa imafa ndi phokoso. Adani anu kuno ndi nyenje nthawi yotentha, chigayo, mathirakitala ndi malole pa msewu wa M1, malata akamathetheka ndi dzuwa, ndi jenereta yanu yomwe. Jenereta ikhale mamita 50 kapena kuposa, kuseri kwa khoma. Wosewera aliyense akhale ndi maikolofoni ya pa chovala, pamwamba pakhalenso ya pa ndodo yovekedwa ubweya wotchinga mphepo. Ya pa chovala imavuta ndi thukuta ndi kukhuzana kwa chitenje, imatireni bwino ndipo muziimvera pa mahedifoni nthawi zonse. Mawu jambulani pa 48 kHz, muyeso umene mafilimu amagwiritsa ntchito. Pamalo alionse tengani mphindi imodzi ya chete, aliyense ali duu, kuti mkonzi adzalumikizire. Mukalakwitsa apa mudzafuna kubwereza mawu mu situdiyo, ndipo osewera atsopano zimawavuta kwambiri kubwereza mogwirizana ndi milomo. Mapeto ake mudzaitana wa ku Blantyre kuti alankhule m'malo mwawo, Chisena chija n'kuthera pomwepo.

Mkonzi wa ku Chikwawa: Mawu olembedwa pansi pa chithunzi akhale a mitundu iwiri: a Chichewa ndi a Chingerezi, mafayilo osiyana. A Chichewa alembe zonse, osati za Chisena zokha, kuti osamva athe kutsatira, ndipo azisonyeza phokoso lofunika monga chitseko kapena valimba ija. Mizere isapose iwiri, mzere usapose zilembo 42, ndipo ukhale pa sikirini pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6. Chichewa chili ndi mawu ataliatali, ndiye muzifupikitsa ganizo, osathamangitsa. Pamene munthu wasintha chilankhulo dala, ngati "zikomo" wa aphunzitsi uja, pezani njira yoti woonera wakunja adziwe, kaya ndi zilembo zopendekeka. Anthu ambiri adzaonera pa foni kudzera pa memori khadi kapena WhatsApp, choncho yesani zilembozo pa foni yaing'ono musanatseke ntchito.

Musanaonetse pagulu, filimu imayenera kupita ku Censorship Board, malinga ndi lamulo la 1968, kuti aione ndi kuika msinkhu wa oonera. Sini ya kuchipinda ija muikonze mukudziwa zimenezo.

Bambo a Yosefe: Mapangano: aliyense wooneka nkhope asaine kapena adinde chala, pepala liwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene akumva, ndipo atsale ndi lake. Wosakwana zaka 18 amusainire kholo. Malipiro a tsiku a wosewera wa ku Tengani afanane ndi a wa ku Blantyre ngati mbali zawo n'zofanana kukula. Kuseri kwa kamera kukhalenso a kuno, makamaka mkazi mmodzi wa msinkhu wa mayiyu wokhala ndi mphamvu yonena kuti "izi sitinena choncho", ndipo wotsogolera amve.

Mayi a Tadala: Mukalumikiza koyamba, kaonetseni malo atatu, amayi paokha abambo paokha, anthu 15 kapena 20 pa gulu. Pamaso pa amuna awo amayi adzangoti ili bwino. Musafunse ngati yawasangalatsa. Funsani kuti ndani walakwa, aseka pati, ndipo ndi pati pamene anena kuti kwathu sizitero. Akaseka pamene Msena wayamba kulankhula ngakhale sananene choseketsa, bwererani ku tebulo. Magulu onse akanena kuti wolakwa ndi mmodzi yemweyo, mwalemba mlandu, simunalembe banja.

Mlembi wa ku Ngabu: Ndamva akuluakulu. Tikutenga chikamwini, bambo ndi amene ali pa malo a eni. Ndiye kuti masamba 12 mpaka 30 alembedwanso, mfumu ya pa tsamba 71 ingoyanjanitsa, ndipo chidakwa chija chilankhula Chichewa. Aphunzitsi, ndikutumizirani mizere ya bambo ndi amayi awo Loweruka.

Mayi a Tadala: Ngati ndi chikamwini, apongozi aakazi aja sangakhale nyumba yoyandikana monga mwalembera. Ali kwawo ku Nsanje, amachita kubwera pa minibasi, ndipo akafika ndi alendo pakhomo pa mpongozi wawo. Tsamba 55 nalonso likonzedwe.